Anthu abuluu m'kanyumba ka vidiyo: mmene Bowe amaonera Avatar

Kanema wa Avatar atatuluka mu Disembala 2009, akatswiri olemba za mafilimu ku America ndi ku Ulaya ankatsutsana pa zambiri, koma ambiri anagwirizana pa mfundo imodzi: zithunzi zake n'zodabwitsa, nkhani yake ndi yakale, yoti anthu anaimva kale. M'nyumba zikuluzikulu za kanema anthu ankavala magalasi apadera n'kumaona ngati masamba ndi zouluka zikutuluka pa sikirini kudzawakhudza kumaso. Chaka chotsatira kanemayu analandira mphoto zitatu za Oscar, zonse zokhudza maonekedwe: kajambulidwe, kakonzedwe ka malo, ndi zithunzi zopangidwa pa kompyuta. Pa mphoto ya kalembedwe ka nkhani dzina lake silinaoneke n'komwe pakati pa opikisana, ndipo mphoto ya kanema wopambana onse inapita kwa The Hurt Locker wa Kathryn Bigelow. Komabe ndalama zinalowa. Kanema wa James Cameron ameneyu wapeza pafupifupi madola 2.9 biliyoni, ndipo ndi amene ali pamwamba pa onse pa ndalama zolowera pakhomo. Avengers: Endgame anamupitirira mu 2019, koma atamuonetsanso ku China mu 2021 anabwerera pampando wake.

Tsono ngati mphamvu zonse za kanemayu zili m'zithunzi, chimatsala n'chiyani akafika kwathu ku Bowe, m'boma la Dowa, kumene kulibe magalasi aja, kulibe sikirini yodzadza khoma, ndipo ambiri amamuonera pa wailesi ya kanema yaing'ono kapena pa foni ya m'manja? Kunena mwachilungamo amayenera kufera m'njira. Koma sanafe. Ine ndikuona kuti chimene chinachitika n'chakuti zinthu zinatembenuka: zithunzi zinachepa, nkhani n'kukula. Ndipo nkhani imene akatswiri anaipeputsa ija ndi imene imagwira anthu a kuno pamtima, pa zifukwa zomveka bwino, ngakhale kuti ilinso ndi bodza lina limene tiyenera kuliona.

Tiyambe ndi njira imene kanema amafikira kuno. Pamsika pali kanyumba ka njerwa kofolera malata, zenera lake atalitseka ndi saka kuti kuwala kusalowe. M'kati muli mabenchi a matabwa, kutsogolo kuli wailesi ya kanema ataikweza pamwamba kuti wakumbuyo aone, pansi pake pali batire lolumikiza ku sola ya padenga. Sipika imodzi ili panja, ataikoleka pakhonde, chifukwa phokoso la mfuti ndi mawu a womasulira ndiye amaitana makasitomala. Pakhomo pali bolodi lolembapo ndi choko: masana filimu, madzulo mpira wa ku England. Mnyamata wolandira ndalama amakhala pakhomopo, ndipo ana amene alibe kanthu m'manja amasuzumira pamng'alu wa chitseko mpaka awathamangitse. Tsiku la msika, kapena nyengo imene alimi agulitsa fodya ndi soya, mabenchi amadzaza. Enanso safuna n'komwe kulowa m'kanyumbamo. Amapita pamalo obenera nyimbo, kaya pompano kaya ku Madisi kapena ku Mponela, kukaikitsa mafilimu mu memori ya foni, n'kukaonera kunyumba anthu asanu atazungulira kasikirini kamodzi.

Chachikulu koposa zonsezi ndi mawu. Kanema amene amayenda malonda kumudzi ndi womasuliridwa m'Chichewa. Womasulirayo amatsitsa mawu a eni ake n'kumayankhula pamwamba pake: amanena zimene munthu wanena, amafotokoza zimene zikuchitika, amatchula amene ali mwini filimu ndi amene ali chigawenga, amachenjeza kuti apa pachitika zoopsa, amaseka, amadandaula, nthawi zina amapatsa anthu a m'filimumo mayina a kwathu konkuno. Si ife tokha amene timachita izi. Ku Kenya kuli DJ Afro, ku Uganda kuli VJ Junior ndi anzake omasulira m'Chiganda, ndipo ku Japan, kale mafilimu asanakhale ndi mawu, kunali anthu otchedwa benshi amene ankaima pambali pa sikirini n'kumasimba nkhani, ena mwa iwo n'kutchuka kuposa osewera.

Pali chifukwa chake luso limeneli linamera mizu kwathu. Dziko lino linakhala lopanda wailesi yake ya kanema mpaka 1999 pamene Television Malawi inayamba kuulutsa. Makolo athu anakulira pa wailesi ya MBC, pa Sewero la Sabata Ino ndi Kapalepale, ndipo asanadziwe wailesi anakulira pa nthano zapamoto, pamene wosimba amayamba ndipo omvera amavomera kuti tili tonse. Khutu lathu linaphunzira kutsata nkhani kale kwambiri, diso lisanazolowere sikirini. N'chifukwa chake m'kanyumba ka vidiyo simukhala chete ngati m'nyumba za kanema za kunja. Anthu amayankha, amalangiza mwini filimu kuti ayang'ane kumbuyo, amatsutsa womasulira akaphonya, amene anaonera kale amauza mnzake zimene zikubwera. Kanema wa madola 237 miliyoni, monga mmene eni ake ananenera za mtengo wopangira Avatar, amalowa m'mwambo wa nthano n'kumvera malamulo ake.

Sindikunena kuti zithunzi sizigwira ntchito. Zimagwira, koma mosiyana. Kunja anthu ankadabwa ndi kuya kwa chithunzi, ndi tinthu ting'onoting'ono: thukuta pakhungu, timbewu toyera touluka mumpweya, udzu wowala usiku ukaupondapo. Zambiri mwa izi zimasowa filimu akaipanikiza kuti ikwane mu memori. Nkhalango ya usiku ya ku Pandora, dziko la m'filimumo, imangooneka mdima wa buluu, nkhope zimabalalika nkhondo ikakula. Zotsala ndi zikuluzikulu: anthu aatali pafupifupi mamita atatu, akhungu la buluu, amichira ndi maso achikasu, mapiri oyandama m'mlengalenga, zilombo zamapiko zimene anthu amakwera, chimtengo chachikulu chokhalamo fuko lonse. Ndipo funso limene limabuka kawirikawiri pamabenchi paja, makamaka kwa ana ndi akuluakulu, si lakuti kodi n'zokongola, koma lakuti kodi n'zoona. Kodi anthu amenewa alikodi kwinakwake? Kodi avala zinthu kumaso, kapena anadzola? Achinyamata amene anapitako kusukulu amayankha mwachidule kuti ndi za kompyuta, nkhani n'kuthera pomwepo.

Yankho limeneli ndi loona koma ndi loperewera, ndipo ndimamva chisoni kuti limatseka pakamwa ofunsa. Kumbuyo kwa munthu wabuluu aliyense wa m'gulu la osewera akuluakulu kunali munthu weniweni. Zoe Saldaña, amene anasewera Neytiri, anavala chovala chothina chokhala ndi timadontho thupi lonse, kumutu atavala chipewa chokhala ndi kakamera koloza kumaso kwake. Makamera ambiri ozungulira chipinda ankalemba mmene chiwalo chilichonse chikuyendera, kakamera kaja n'kumalemba mmene milomo, zikope ndi masaya zikugwedezekera. Kenako akatswiri a kampani ya Weta ku Wellington, m'dziko la New Zealand, anatenga mayendedwe amenewo n'kuwaveka thupi lojambula pa kompyuta. Choncho Neytiri akamalira bambo ake atafa, kulirako ndi kwa munthu, khungu lokha ndiye la makina. Ngakhale chiyankhulo cha Anavi, anthu abuluu aja, sichinali chongobwebweta. Anachipanga katswiri wa ziyankhulo Paul Frommer, chili ndi malamulo ake, ndipo osewera anachita kuchiphunzira. Mwana wa ku Bowe amene wafunsa ngati n'zoona akanayenera kumva zonsezi, chifukwa pamenepo ndi pamene chidwi cha sayansi chimayambira. Ndiponso anthu a dera la gule wamkulu sangavutike kumvetsa kuti chooneka ndi maso ndi china, ndipo luso la thupi limene likuchiyendetsa ndi lina.

Tibwere ku nkhani. Chaka ndi cha 2154. Kampani yochokera padziko lapansi yakhazikitsa mgodi pa mwezi wotchedwa Pandora, ikufuna mwala wamtengo wapatali umene kwawo kulibe. Mwala wambiri uli pansi pa mtengo umene fuko la Omaticaya limakhalamo. Kampani inayesa kunyengerera, inamanga ngakhale sukulu, koma eni malo sakufuna kusamuka. Ndiye itumiza Jake Sully, msilikali wopuma wolumala miyendo, kuti alowe m'thupi lopangidwa ngati la eni malowo, akhale nawo, awadziwe, awauze kuti achoke. Iye akonda Neytiri, mwana wa mfumu, aphunzira miyambo yawo, atembenuka mtima. Kampani itopa ndi kudikira, itumiza ndege kukagwetsa mtengo uja ndi mizinga.

Kwa munthu wa ku Los Angeles, iyi ndi nkhani ya Pocahontas kapena ya Dances with Wolves wa 1990 atangoipaka utoto wina. Kwa munthu wa ku Dowa ndi Ntchisi, mbali iliyonse ya nkhaniyi ili ndi dzina lake lenileni. M'zaka za m'ma 1970 malo ambiri a makolo m'chigawo chapakati, ku Kasungu, Mchinji ndi Dowa, anasanduka maesiteti a fodya, pamene lamulo linkaletsa mlimi wamba kulima bale mpaka cha m'ma 1990. Anthu amene agogo awo ankalima minda imeneyo anabwerera ngati matenanti, kulandira chimanga pangongole n'kudzawerengera pamapeto a nyengo. Amene anaona zimenezo akali moyo. Ana awo tsopano akumva za migodi. Ku Karonga mgodi wa Kayelekera unayamba kukumba yureniyamu mu 2009, chaka chomwecho chimene Avatar anatuluka, ndipo unaima mu 2014 mtengo wa yureniyamu utatsika. Ku Kanyika, m'boma la Mzimba, mabanja amene anauzidwa kuti adzasamuka chifukwa cha mgodi anakhala zaka akudikira, mpaka nkhani ya chipukutamisozi inafika kukhoti. Pafupi kwambiri ndi ife, ku Kasiya m'boma la Lilongwe, kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals inalengeza mu 2022 kuti yapeza mwala wa rutile wochuluka kuposa kwina kulikonse padziko lapansi, ndipo mu 2023 kampani yaikulu ya Rio Tinto inagula gawo m'kampaniyo. Mwala umenewu, umene amapangira utoto ndi zitsulo zopepuka za ndege, suli pansi pa phiri lopanda anthu. Uli m'dothi, pafupi ndi pamwamba, pansi pa minda ya chimanga. Kampaniyo imati idzabwezeretsa nthaka ikatha kukumba, ndipo zimenezo tidzaziona ndi maso. Koma mlimi amene wamva kuti chuma chapezeka pansi pa munda safunika womasulira kuti amvetse chimene chikuvuta ku Pandora.

N'chifukwa chake malo amene amakhudza anthu kwambiri m'kanemayu si nkhondo yomaliza, ngakhale kuti pamenepo ndi pamene amakuwa ndi kuomba m'manja. Ndi pamene mtengo ukugwa. Phokoso la pamabenchi limatsika, womasulira naye amachepetsa nthabwala. Anthu akuthawa atanyamula ana, phulusa likugwa, mfumu yafa. Amene amayenda m'midzi ya ku Dowa akudziwa kuti m'madera ambiri mitengo yachilengedwe inatha, inapita ku zigafa, ku nkhuni ndi ku makala, ndipo ukaona kamsitu kowirira pakati pa minda yoyera umadziwiratu kuti amenewo ndi manda. Pamenepo nkhwangwa siifika mwachisawawa. Pagona makolo, ndipo m'midzi ya Achewa ndi kumeneko kuli dambwe. Anavi ali ndi mitengo inanso yopatulika kumene amamva mawu a makolo awo amene anamwalira, ndipo kampani ikabwera kudzaigwetsa, munthu wa kuno samva ngati nkhani yosamalira chilengedwe monga mmene amaphunzitsira a mabungwe. Amamva ngati munthu wabwera ndi thirakitala kumanda. Ngakhale nkhalango ya phiri la Ntchisi, imene yatsala yokhayokha ndi mitengo yake italiitali, anthu amaikumbukira ngati malo amene makolo ankabisalamo nthawi ya nkhondo za Angoni. Mtengo ngati pothawira, mtengo ngati nyumba ya mizimu: izi kwa ife si zopeka za sayansi.

Sitili tokha pomva chonchi. Mu Febuluwale 2010 anthu a m'mudzi wa Bil'in ku Palestine anadzipaka utoto wa buluu pochita zionetsero zotsutsa mpanda umene unadula minda yawo. Ku India, bungwe la Survival International linapempha Cameron poyera kuti athandize fuko la Dongria Kondh, limene phiri lawo lopatulika la Niyamgiri linkafunidwa ndi kampani ya Vedanta. Mu 2013 khoti lalikulu la dzikolo linapereka mphamvu kwa midzi kuti isankhe yokha, ndipo midzi yonse 12 inakana mgodiwo. Cameron mwini anapita ku Brazil mu 2010 kukaima ndi anthu a m'mbali mwa mtsinje wa Xingu potsutsa damu la Belo Monte. Damulo linamangidwabe.

Mfundo yomalizayi ndiyofunika, ndipo ikutifikitsa pamene ine ndimasiyana ndi chisangalalo cha m'kanyumba ka vidiyo.

Choyamba ndi nkhani ya Jake. Olemba ambiri kunja, kuphatikizapo David Brooks polemba mu nyuzipepala ya New York Times, anadandaula kuti iyi ndi nthano yakale ya mzungu wobwera kudzapulumutsa eni dziko. Kuno anthu satchula za khungu kwenikweni, pakuti pa sikirini Jake naye ndi wabuluu. Amaiona nkhaniyi ndi maso a chikamwini. Mwamuna wabwera kuchokera kutali, wakwatira mwana wa pabwalo la mfumu, wapatsidwa malo ogona ndi chakudya. Mpaka apa zili bwino. Koma patangopita miyezi itatu, iye ndi amene akukwera chilombo chimene eni mudzi akhala mibadwo osachikwera, iye ndi amene akuitanitsa mafuko, iye ndi amene akuyankhula pabwalo pamene Tsu'tey, amene anakonzedwa kulowa ufumu ndipo anali woti akwatire Neytiri, akumumasulira mawu. Akuluakulu anati mkamwini asamakule mwendo, ndipo m'mudzi wa Achewa, kumene ufumu umatsata mbumba, mkamwini salowa dzina ngakhale akhale wolimba motani. Ena pamabenchi amayankha ndi mwambi winanso, wakuti mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa: Jake ankadziwa mfuti ndi ndege za adani, ndiye anali woyenera kumumvera. Mtsutso umenewu ndi wabwino kuposa ambiri amene ndinawerengapo, chifukwa mbali zonse ziwiri zili ndi nzeru. Ine ndili kumbali yoyamba. Kumvera malangizo a mlendo n'kwina, kumupatsa mpando n'kwina. Komanso tisaiwale kuti Jake yemweyo ndi amene anapereka kwa asilikali chinsinsi cha mmene mtengo uja unakhalira m'kati. Kanema amamukhululukira msanga kwambiri.

Chachiwiri ndi chachikulu. Avatar amaphunzitsa kuti malo amalandidwa ndi mizinga ndipo amabwezedwa ndi mivi. Adani amaoneka: avala yunifolomu, ali ndi zipsera kumaso, akuchokera kumwamba. Eni malo onse ndi amodzi, palibe mmodzi yemwe wogulitsa. Kwathu sizichitika choncho. Malo amapita ndi pepala, ndi chidindo, ndi siginecha ya munthu amene timadya naye nsima. Amene wagulitsa dimba la banja nthawi zambiri ndi malume, ndi mchimwene, ndi nyakwawa imene yalandira kangachepe. Mitengo ya m'mapiri athu sinagwe ndi ndege, inagwa ndi nkhwangwa zathu, chifukwa cha njala ndi fodya. Ndipo chitetezo chimene chilipo si uta, koma kudziwa lamulo: kuti pali lamulo la malo a makolo la 2016 limene limalola banja kulembetsa malo ake, kuti miyala ya pansi pa nthaka ili m'manja mwa boma koma wosamutsidwa ayenera kulandira chipukutamisozi choyenera, kuti pamsonkhano wa kampani munthu ali ndi ufulu wofunsa ndi kukana kusaina chimene sanachimve. Adongria Kondh anapambana ndi voti ya pamudzi ndi khoti. Mnyamata akatuluka m'vidiyo magazi akuwira, koma osadziwa kuti malo a amayi ake sanalembetsedwe, kanemayo wamusangalatsa koma sanamuthandize.

Apa ndi pamene ndimaona kuti kanema wa The Boy Who Harnessed the Wind, wa 2019, ananena zoona kuposa Avatar pa nkhani yomweyi. Chiwetel Ejiofor anamujambulira ku Wimbe m'boma la Kasungu, pafupi ndi ife, za William Kamkwamba amene anapanga makina amphepo opangira magetsi pambuyo pa njala ya 2001 ndi 2002. Mmenemo muli msonkhano wa pamudzi pamene a esiteti ya fodya abwera kudzagula mitengo. Mfumu ikuchenjeza, koma anthu, chifukwa cha umphawi, akudzuka mmodzimmodzi kukasaina. Palibe mzinga umene waphulika. Amalawi ambiri anathera nthawi pokambirana za katchulidwe ka Chichewa ka osewera akunja, ndipo n'zoona kuti khutu limagwira msanga pamene lilime laterereka, koma chithunzi cha msonkhano chija chinali choyenera kukambidwa kwambiri kuposa pamenepo. Nayenso Black Panther wa Ryan Coogler, wa 2018, anakondedwa chifukwa anatembenuza nkhani: dziko la mu Africa lotchedwa Wakanda lili ndi mwala wake, likuusunga, likuupangira lokha zinthu. Achinyamata ananyadira kuona Chadwick Boseman ndi John Kani akuyankhula Chixhosa, ena atafunda mabulangete a Chisutu. Koma Wakanda ndi loto la dziko limene silinalamulidwepo ndi atsamunda. Limakoma kuliona, koma silikuuza chochita mawa kampani ikaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa pasukulu.

Palinso gulu lina la oonera limene siliyenera kunyozedwa: amene amakana kanemayu chifukwa cha chikhulupiriro. Dowa ndi boma limene mishoni ya Mvera inakhazikitsidwa mu 1889, ndipo kukokana kwa mpingo ndi miyambo ya makolo kuno n'kwakale. Makolo ena akaona zolengedwa zamichira zikupemphera kwa mtengo, zikugwedezeka pamodzi poimba, mzimu wa munthu ukusamuka kulowa m'thupi lina, amati izi n'za ziwanda, ana asaonere. Achinyamata amawaseka, koma nkhawa yomweyi inamvekanso ku Rome: mu Januwale 2010 nyuzipepala ya Vatican, L'Osservatore Romano, inadzudzula kanemayu kuti akukweza chilengedwe kukhala chinthu chopembedzedwa. Ine sindiona kuti mwana angasiye chikhulupiriro chifukwa cha Eywa, mulungu wopeka wa dziko lopeka. Koma makolowa aona chinthu choona, chakuti kanemayu sakungosewera ndi maso, akulalikira. Kuli bwino kukhala naye mwanayo n'kukambirana zimene akulalikirazo kusiyana n'kungomuletsa, pakuti foni ya mnzake ili nayo kale filimuyo.

Gawo lachiwiri, Avatar: The Way of Water, linatuluka mu Disembala 2022 n'kupeza madola oposa 2.3 biliyoni. Kunja analitamanda chifukwa cha madzi, amene ndi ovuta kwambiri kuwajambula pa kompyuta. Kwa anthu a kumapiri kuno, amene ambiri nyanja amaiona mwa apo ndi apo akatsikira ku Salima kapena ku Nkhotakota, zinsomba zikuluzikulu n'zosangalatsa koma sizigwira mtima ngati mtengo uja. Chimene chimagwira ndi banja lothawa kwawo kukapempha malo kwa eni ena, ana kunyozedwa chifukwa cha maonekedwe, ndi maliro a mwana woyamba. M'boma limene muli msasa wa Dzaleka, umene wakhala ukulandira othawa kwawo kuyambira 1994, nkhani imeneyo si yachilendo.

Zonsezi zimadutsa pakamwa pa munthu mmodzi, womasulira, ndipo n'zodabwitsa kuti sitimulabadira. Womasulira wabwino amachita ntchito ya mphunzitsi: amatha kufotokoza m'mawu awiri kuti munthu wagona m'bokosi koma maganizo ake akuyendetsa thupi lina, chinthu chimene ngakhale odziwa Chingerezi ena chimawasokoneza. Womasulira waulesi amangotchula zimene aliyense akuona, n'kudzaza mipata ndi zotukwana ndi nthabwala zonyoza amayi, ana ali pabenchi loyamba. Wina amaphonya nkhani yonse n'kupeka yake. Palinso vuto la umwini: mafilimu amenewa amakopedwa popanda chilolezo, zimene lamulo la 2016 loteteza eni luso limaletsa, ndipo mchitidwe womwewo ndi umene umapha msika wa opanga mafilimu athu monga Shemu Joyah, amene The Last Fishing Boat wake wa 2012 anakhudza nkhani ya eni mudzi wa kunyanja ndi alendo obwera ndi ndalama. Nayo nkhani ya ana kujomba kusukulu chifukwa cha vidiyo za masana ndi yeniyeni, ndipo mafumu ndi makomiti a sukulu amene amaletsa kuonetsa ana nthawi ya maphunziro akuchita bwino.

Koma kuthana ndi mavutowa sikutanthauza kutseka tinyumba timeneti kapena kuthamangitsa omasulira. Iwowa ndi amene anatsegula khomo limene boma, masukulu ndi wailesi za kanema analisiya lotseka: anaonetsa kuti munthu wa kumudzi amene sanafike sekondale angathe kutsata nkhani ya maola oposa awiri ndi theka yokhudza dziko lina, n'kutuluka akutsutsana za ufumu, malo ndi mizimu mozama. Pempho langa likupita kwa a bungwe loteteza eni luso la COSOMA, a Film Association of Malawi ndi opanga mafilimu athu: akhale pansi ndi omasulira ndi eni mavidiyo, apeze njira yovomerezeka ndi yotsika mtengo yoti mafilimu a kwathu azifika m'tinyumba ta ku Bowe, Madisi ndi Ntchisi, ndipo wina mwa iwo ajambule nkhani ya munda umene pansi pake papezeka chuma, mmene imachitikiradi kuno, ndi pepala ndi chidindo. Oonera alipo kale, ndipo nkhani ya malo amaidziwa kuposa James Cameron.